Timazira ta a Sichali

Tembisa, Joni
9 Juni 2024

Anyina Khumbize,

Monire nonse ku Vinthukutu. Ine ndili bwino, kupatula chifuwa chimene chimandigwira chaka chilichonse chisanu cha kuno chikayamba. Nanga inu, mwendo uja unasiya kutupa?

Mpunga umene munapatsira Golden wafika bwino pa basi yake. Ndinaphika Lamulungu, ndekha, chitseko chotseka, koma fungo la Kilombero silimva chitseko. Mzulu wa chipinda choyandikana nane anagogoda n'kufunsa ngati ndakwatira.

Ntchito ya kulima maluwa ija ndinasiya. Tsopano ndili ku labotale, kumene amayeza zakudya zisanagulitsidwe. Amabweretsa chimanga, tirigu, soya, mtedza ndi mpendadzuwa m'timatumba ting'onoting'ono. Ine ndimasesa, ndimatsuka ziwiya, ndiponso ndimagaya mbewuzo kuti zikhale ufa. Amene amayendetsa makina ndi a Reginald, a ku Zimbabwe. Dzina langa linawakanika, amangonditchula Malawi. Atandiona ndikutsuka kachigayo kachitatu anati, "Malawi, iwe ukanapitirira Sitandade 6 ukanativutitsa tonse muno." Akuti amafufuza chiphe china chotchedwa mekyule. Ine sindinachione, ndimangoona manambala pagalasi.

Nkhani yoti mwana wathu Khumbize ndi woyembekezera yandisangalatsa kwambiri. Mwachita bwino kumutenga kuti akhale nanu mpaka nthawi yake, poti mwamuna wake Yotamu ali kusukulu ya uphunzitsi. Asamasenze madzi.

Za mpunga watsopano. Ukauma, musaiwale timazira tadothi tija ndinaumba ndi mankhwala aja otchedwa zebaki amene ndinagula kwa Mtaifa ku Songwe. Tili m'chitini pamwamba pa khoma, tonse 24. Thumba lililonse titatu: pansi, pakati, pamwamba. Matumba asanu ndi awiri a wosapuntha, ndi limodzi la woyera lodya inu. Zaka zitatu tsopano nankafumbwe sanalowe m'nyumba mwathu. A Chakufwa ankaseka kuti ndi timazira ta a Sichali, koma lero nawonso ali nato, towaumbira ine.

Khumbize azidya woyerawo, asamanidwe.

Ndatumiza bulangete limodzi ndi sopo. Ndimalemba chifukwa pa foni ndimangoti eya, eya, mayunitsi n'kutha. Papepala ndimakumbukira zonse.

Ndine mwamuna wanu,
Manase Sichali


14 Julayi 2024

Anyina Khumbize,

Monire. Chifuwa chachepa. Ndikhulupirira nonse muli bwino, makamaka Khumbize.

Kalata iyi muwerenge muli nokha.

Lachitatu kuntchito kunasweka kagalasi kakale koyezera kutentha, m'chipinda chosungira katundu. Ndinawerama kuti nditole ndi pepala. A Reginald anakuwa mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo, n'kundikoka malaya. Tonse anatitulutsa. Mazenera anatsegula onse, chisanu chonsechi. Anthu awiri anavala magolovesi ndi zotseka kukamwa, ndipo anatha ola lathunthu akutola timadontho tosadzaza ngakhale theka la supuni yaing'ono. Nsapato zanga anazitsekera m'pulasitiki, sanandibwezere. Ndinaima panja ndi masokosi.

Ndinafunsa kuti n'chiyani. Anati, "Ameneyo ndiye mekyule, amene timamusaka tsiku ndi tsiku. Mpweya wake suoneka, sununkha, koma umalowa m'thupi."

Timadonthoto tinali tonyezimira, tothamanga pansi ngati tamoyo. Tikakumana tiwiri timasanduka kamodzi. Anyina Khumbize, inu mukutidziwa. Munandigwirira kabotolo ka zebaki tsiku limene ndinkakanda dothi lija.

Chitani izi mawa lomwe, musadikire Loweruka.

Chotsani timazira tonse m'matumba. Musatigwire ndi manja, valani jumbo m'dzanja lililonse. Mutiike m'botolo lagalasi la chivindikiro cholimba, mulitseke, mukaliike m'khola lakale la nkhumba kumene sikufika munthu. Musaponye m'chimbudzi kapena mumtsinje. Pamoto ndiye ayi ndithu. Muwerenge kuti tikwane 24. Pochita zimenezi Khumbize akhale kutali, mumutume kumpingo kapena kwina. Zenera la chipinda cha matumba likhale lotsegula usana wonse.

Thumba la woyera lija mulisoke. Khumbize adye kondowole, nthochi ndi mbatata mpaka nditakuuzani.

Musauze munthu aliyense. Mwina ndikungoopa chabe, mukundidziwa mmene ndiliri.

Nsapato ndagula zina zakaunjika. Zikundithina pang'ono.

Ndine,
Manase


4 Ogasiti 2024

Anyina Khumbize,

Monire. Ndili bwino m'thupi. Mawu anu a pa foni aja ndakhala nawo masabata awiri. Munati, "Zaka zitatu tikudya, wafa ndani?" Sindinathe kuyankha. Munatinso Joni wandipatsa matenda a azungu oopa chakudya. Mwina n'zoona. Koma munanenanso kuti timazira mwapeza 22. Ine ndinaumba 24. Ndikudziwa chifukwa kalikonse ndinakalemba mzere ndi msomali.

Ndinapita kwa a Reginald nthawi ya tiyi. Ndinati ndili ndi mnzanga kumudzi amene anaika zinthu zimenezi m'matumba a mpunga. Anandiyang'ana n'kuti, "Mnzakoyo amavala nsapato zothina?" Sanaseke. Anapita okha kwa abwana, mayi wachikulire, ndipo mayiwo analola kuti atiyezere zinthu zinayi popanda kulipira. Sindinazolowere kuchitiridwa zotere kuno.

Tsono tengani motere, monga timachitira ife. Golden akupatsani timapulasitiki tinayi tatsopano totseka pakamwa. Ndalemba kale manambala.

Ka 1: mpunga woyera wa thumba lodya lija. Musatape pamwamba pokha. Dzanja limodzi pamwamba, lina pakati, lina pansi penipeni. Musakanize m'beseni louma, muyale, mugawe panayi, mutenge mbali ziwiri zoyang'anizana. Kapu imodzi yakwana.

Ka 2: wosapuntha. Mutape pang'ono m'matumba onse asanu ndi awiri, musakanize, mukapunthitse, mutumize woyera wake.

Ka 3: mtedza wamakoko uja uli m'chipinda cha matumba.

Ka 4: chitowe cha m'lichero.

Musambe m'manja pakati pa chimodzi ndi chinzake. Musatsuke, musapete, musasankhe. Akuti choyezedwa chizikhala monga mmene anthu akudyera. Ukachikongoletsa ndiye kuti wayeza bodza.

Ndikudziwa mukuti ndikukulamulirani ngati wantchito. Si choncho. Ndilibe manja kumeneko koma anu.

Mtengo wa chipinda akweza. Lamulungu ndinapita kutchalitchi cha Amalawi ku Kempton, koma nyimbo zitatha ndinabwerera osacheza ndi munthu.

Khumbize mumupatse moni. Musamuuze kanthu panopa.

Manase


8 Seputembala 2024

Anyina Khumbize,

Monire. Kuno kwayamba kufunda. Yewo chifukwa cha usipa, wafika wosanyowa.

Timapulasitiki tafika Lolemba. Ndinayamba ndi ka 1, ndinagaya ndekha. A Reginald anayeza, nambala inatuluka 3. Malire amene amatsatira pano ndi 20. Anandimenya paphewa n'kuti, "Malawi, kagone tulo, mpunga wako ndi woyera kuposa mtima wa abusa."

Ndinawauza kuti enawo asayeze, asataye nthawi yawo.

Anyina Khumbize, ndisanagaye ndinakhuthulira mpungawo pa pepala loyera, monga ndimachitira ndi mbewu iliyonse. Munali nankafumbwe. Wamoyo, akuyenda. Ndinamuyang'ana mpaka anafika kumapeto kwa pepala. M'matumba mwathu simukhala nankafumbwe, nkhani yonse yagona pomwepo. Mpunga umenewu munagula pa Uliwa kapena munapempha kwa wina.

Sindikukwiya. Zaka 26 tili limodzi simunandinamizepo, ndiye ndikudziwa kuti munachita izi kuti mtima wanga ukhale pansi. Kapena mukuopa nambala monga ndikuiopera ine. Ndinakhala pabedi ndi kapulasitiki kopanda kanthu kaja m'manja, ndipo kunena zoona ndinalakalaka ndikanapanda kumuona.

M'makalata apitawa ndinabisa china. Ndinawafunsa a Reginald kuti chiphechi chimatani. Akuti munthu wamkulu akhoza kukhala nacho zaka osadziwa, mwina manja kunjenjemera, kuiwalaiwala, nkhama kupweteka. Koma chimene amaopa kwambiri ndi mwana amene ali m'mimba, chifukwa chimadutsa kwa mayi n'kukafika ku bongo umene ukungoumbika. Mwana akhoza kuchedwa kumva, kukhala, kuyenda, kulankhula. Sakunena kuti zichitika. Akuti zikhoza kuchitika, ndipo zimadalira kuchuluka kwake. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa nambala yeniyeni.

Simunandiuze ngati thumba lija munalisoka. Ndafunsa kawiri pa foni, kawiri konse mwayamba nkhani ya mbuzi.

Ndapereka timapulasitiki tina tinayi kwa Golden. Anandifunsa kuti, "Kodi akulu, mwayamba bizinesi ya mpunga wa m'kapu?" Ndinati eya.

Chonde. Si za ine.

Manase


13 Okutobala 2024

Anyina Khumbize,

Monire. Kalata yanu ndawerenga katatu. Yewo chifukwa chonena zoona, kuti thumba munalisoka pa 20 Seputembala, kalata yanga itafika, ndipo mpaka tsikulo Khumbize ankadya phala la mpunga umenewo m'mawa uliwonse poti china chilichonse ankasanza. Munalemba kuti mwalakwa. Imani kaye, ndifika pamenepo.

Tayeza Lachinayi. Ndikuuzeni mmene zimakhalira kuti musaganize kuti ndi zolosera. Ufa amatapa pang'ono kwambiri, ngati fodya wofwenkha kamodzi, n'kuuika pa sikelo m'kambale kachitsulo kooneka ngati bwato. Kambaleko kamalowa m'makina, ufa n'kupsa wonse. Utsi wake umadutsa pa golide, ndipo golideyo amagwira mekyule yekha, zina zonse n'kupita. Kenako amamutenthanso, nyale ina n'kuwerenga kuchuluka kwake. Mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Chilichonse anayeza kawiri.

Malire ndi 20.

Mtedza: 6. Makoko anauteteza. Idyani.

Wosapuntha, utapunthidwa: 11. Zambiri zinatsalira m'mankhusu. Akuti mukhoza kudya, koma mankhusu ndi deya wake musapatse nkhuku kapena nkhumba. Mugule matumba atsopano aja a mapulasitiki awiri m'kati, mukhuthuliremo. Amapha nankafumbwe opanda mankhwala.

Chitowe: 45. Musadye, musagulitse.

Woyera wa thumba lodya: 640.

A Reginald anaganiza kuti makina asokonekera. Anayezanso, inabwera 655. Madzulo onse anangolowetsa timbale topanda kanthu kuti makina ayere. Pogaya ndinaona timiyala tofiirira mumpungamo. Ndinatiika padera. Linali dothi la kudambo kwathu. Timazira tiwiri tosowa tija tinaphwanyikira pansi pa thumba.

Tsono za kulakwa. Amene anakwera minibasi mpaka ku Songwe ndine. Amene anakana mankhwala a m'sitolo kuti amaononga fungo la mpunga ndine. Ndinaumba ndi manja anga, ndinayanika pamthunzi kuti tisang'ambike, ndinanyadira. Mu Juni ndinalemba ndekha kuti Khumbize azidya woyerawo. Inu munangomvera mwamuna wanu poyamba, ndipo kachiwiri munamukayikira. Kachiwiriko ndi kamene munali ndi chifukwa.

Mumuuze Khumbize zonse, ndi Yotamu yemwe. A Reginald alemba kalata ya Chingerezi yokhala ndi manambalawa, ili m'envulopu yomweyi. Mupite nayo kuchipatala limodzi ndi Khumbize, musadikire tsiku la sikelo. Mukaipereke m'manja mwa dokotala, osati pazenera. Inunso akuoneni.

Pali nyumba zisanu zimene ndinaziumbira: kwa a Chakufwa, kwa alamu anu, kwa a Ambokile ndi ana awo awiri aja okwatira. Ndikudziwa. Ndimaziwerenga ndikamayenda kupita kuntchito. Ndidzawauza ndekha ndikabwera pa Khirisimasi, si nkhani yoti mayi asenze. Pakali pano ingokhalani chete.

Ndine,
Manase


17 Novembala 2024

Anyina Khumbize,

Monire. Golden wabwera kawiri wopanda kalata. Foni yanu imangoitana. Khumbize ndi amene anandiyankha Lachisanu. Anati kuchipatala anaiwerenga kalata ija, anamuyeza, mwana akugunda bwino, ndipo amuuza kuti azipita masabata awiri alionse. Kenako anati, "Adada, ine sindikukwiyirani, koma musandifunsenso kuti ndinadya mbale zingati." Ndinali nditamufunsa kale kawiri.

Dzulo anandiimbira a Chakufwa. Moni sanapereke. Anati, "Sichali, iwe wakhala phee ku Joni ukudya buledi, ife tikudya mazira ako?" Ndinati pepani akulu. Anati, "Pepani wako ndimuthire mchere? Zidzukulu zanga zinayi zimadya m'nyumba muno!" Anandinyoza mpaka mayunitsi awo anatha. Anaimbanso ndi foni ya mkazi wawo kuti amalize.

Ndi iwo amene anandiuza zimene munachita. Akuti sabata yomwe kalata yanga inafika munayenda nyumba zonse zisanu, jumbo m'manja, botolo m'dengu, kutolera timazira. Akuti Lamulungu lake munaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza n'kuwerenga manambala aja mokweza, ndipo anapezeka ena atatu amene anaumba okha ataonera kwa ife. Ine sindinkawadziwa. Akuti mabotolo munakapereka kwa alangizi a zaulimi pamodzi ndi thumba lija ndi chitowe.

A Chakufwa anati, "Chimene chikundipweteka n'chakuti mkazi wako sanakutchule ngakhale kamodzi. Amangoti ife tinalakwitsa, ife tinalakwitsa. Ndinafuna kumuuza kuti mayi, ife amene mukunenayo ali ku Joni."

Ine ndinati mudikire Khirisimasi. Ikanakhala miyezi ina iwiri ana a anthu akudya. Ndinati si nkhani yoti mayi asenze, koma zoona zake ndinkaopa nkhope zawo. Ndaona tsopano chifukwa chake simukundiyankha.

Abwana alola kuti nyumba zisanu ndi zitatuzo zitumize kapu imodzi imodzi. Timapulasitiki tili kwa Golden. Katengedwe mukukadziwa kale kuposa ine, muwaonetse.

Pa Khirisimasi sindibwera. Mapepala anga ali ndi vuto limene sindingalembe pano. Ndikatuluka pachipata mwina sangandilolenso kulowa, ndipo ino si nthawi yoti ndikhale wopanda ntchito.

Ngakhale mizere iwiri yokha, Anyina Khumbize.

Manase


19 Januwale 2025

Anyina Khumbize,

Monire agogo. Ndalemba mawu amenewa n'kuwayang'ana kaye.

Kalata yanu yafika, masamba awiri athunthu. Yewo chomene. Ndinaiwerengera pa siteji pomwepo, Golden akutsitsa katundu wa anthu, mpaka anati, "Akulu, khalani pansi, mugundidwa ndi wilibala."

Mtsikana, makilogalamu awiri ndi magalamu 900, analira atangobadwa, akuyamwa bwino. Khumbize akuyenda. Ndathokoza Mulungu. Chithunzi chimene Yotamu anatumiza pa foni ndinawaonetsa a Reginald. Anati, "Mphumi ndi yako, Malawi. Tipemphere kuti nkhawa asatengere." Ndiye anapita kukagula keke yaing'ono, tinadya anthu anayi pa tiyi.

Ndinawafunsa ngati tsopano tapulumuka. Sananame. Anati makina awo amayeza mpunga, sayeza mawa la mwana. Akuti ana ambiri otere amakula bwinobwino, ndipo zikakhalapo zimaoneka pang'onopang'ono, chaka choyamba kapena chachiwiri. Akuti kuyamwitsa asasiye pokhapokha achipatala atanena, ndipo kusikelo asaphonye ngakhale mwezi umodzi. Kalata ya Chingerezi ija muisunge m'buku lake la kuchipatala.

Za nyumba zija, manambala onse ali pa pepala lina, nyumba iliyonse pakepake. Zisanu ndi ziwiri zili pansi pa malire kapena pafupi. Kwa a Ambokile kwatuluka 180, thumba limenelo alisoke lero, ndipo mupite nawo kwa alangizi. Kwa a Chakufwa ndi 9. Muwauze, koma musayembekeze kuti andikhululukira msanga. Ali ndi ufulu.

Munalemba kuti a Yotamu ndi makolo awo apempha kuti dzina lina ndipereke ine. Ndayesa masiku anayi, ndalemba mayina ambiri kuseri kwa kalendala. Sindikutha. Perekani inu. Munayenda nyumba zija ndinu.

M'katundu muli matewera, mabulangete awiri aang'ono ndi kabuku kachikuto chofiira. Kabukuko ndi kanu. Ndikudziwa mudzati Manase wayambanso, koma ndipirireni. Muzilembamo tsiku limene wayamba kutsata nkhope yanu ndi maso, tsiku limene wamwetulira, tsiku limene wakhwimitsa khosi. Musakongoletse. Chimene sanachite musalembe kuti wachita.

Ndipo akakwanitsa miyezi inayi, tsiku lina ali maso, ali phee pamphasa, mudzapite kumbuyo kwake kumene sakukuonani. Mudzawombe m'manja kamodzi. Akadzatembenuka, musadzadikire Golden. Mudzandiimbire nthawi yomweyo, ngakhale ndili pantchito.

Ndine mwamuna wanu,
Manase Sichali